Batire la galimoto ya mlamu wanga

Anzanga, nkhani iyi si yomva kwa anthu ayi, inandichitikira ine ndemwe masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo ngati ndikuwonjezera kanthu Mulungu andione. Maina sinditchula chifukwa ana a mlongo wanga akukula ndipo amawerenga, koma a ku Bwanje amene analipo adziwa okha munthu amene ndikunena.

Ine ndimakonza zamagetsi a galimoto pa boma pa Ntcheu. Mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga, anakwatiwa kuchigwa, cha ku Sharpevale, ndi bambo wina wolima ndi kugulitsa mpunga, mkulu wa mpingo, munthu woti akamakupatsani moni amachita kupinda mawondo mpaka inuyo kuchita manyazi. Koma m'nyumba chinali chilombo. Mlongo wanga anabisa zaka zambiri, mpaka tsiku lina anatulukira kugalaji kwanga mlomo uli wotupa, dzino lakutsogolo palibe. Inu mukanatani? Ine ndinatsika konko, ndinakatenga ana ndi katundu wake, ndipo zonse ndinazifotokoza kwa ankhoswe ndi kumpingo komwe, osabisa kanthu, moti mlamu wangayo anamutsitsa pa ukulu wa mpingo. Tsiku limenelo anangowerama n'kumaseweretsa makiyi.

Itadutsa miyezi ndithu, anandiimbira foni ndi mawu ozizira bwino, akuti alamu zakale n'zakale, iye wazindikira kulakwa kwake, ndipo akupempha ndikamuthandize galimoto. Galimotoyo inali haibulidi yakale, zija zoyendera petulo ndi magetsi omwe, zokhala ndi batire lalikulu kuseri kwa mpando wakumbuyo. Batirelo linali litatopa, timagetsi tofiira tikungoyaka pa dashibodi, injini kubuula osapuma, pachitunda mphamvu palibe. Anati wapeza kale lina lochotsedwa m'galimoto ya ngozi, chatsala ndi munthu wodziwa kuliika, ndipo sangapite kwa alendo m'bale alipo. Mlongo wanga anandiletsa mpaka kundigwira malaya, akuti achimwene munthu uja simumudziwa, ine ndinagona naye nyumba imodzi. Koma ndinaganiza za ana, kuti bambo wawo ndi bambo wawo basi, galimoto ikamayenda mwina adziwakumbukira. Ndinanyamula zida zanga n'kutsika.

Amene munafikako ku Bwanje mwezi wa Okutobala mukudziwa kutentha kwake, kumachita ngati akuthirani moto m'malaya. Ndinapeza galimoto ili pansi pa mtengo wa mango, batire latsopanolo lili pa mphasa, ndipo chapatali pang'ono amayi ake a mlamu wanga, munthu wachikulire, atakhala pafupi ndi mpunga umene anayanika, akuthamangitsa nkhuku ndi nsungwi yaitali. Mlamu wangayo anandilandira bwino kwambiri, madzi akumwa, mpando, kufunsa za ana.

Muyenera kumvetsa chinthu chimodzi. Batire limeneli si lija laling'ono lolizira injini, loti mukaligwira limangokuthetherani. Ili limapha munthu. N'chifukwa chake pambali pake pali pulagi ya mtundu wa olenji, imene timayamba kuzula tisanagwire china chilichonse, kuti mphamvu iduke pakati. Mlamu wanga anaima pambali panga ndikuzula ya batire lakale, ndipo anafunsa ngati mwana wasukulu kuti kanthu kameneka ntchito yake n'chiyani. Ndinamufotokozera bwinobwino. Anafunsanso kuti nanga munthu atakabwezera wina akugwira ntchito chingachitike n'chiyani, ine n'kuseka, ndati pamenepo mukagule bokosi. Nayenso anaseka. Mpaka lero kuseka kuja ndimakumva.

Tinatulutsa batire lakale tili awiri, poti n'lolemera ngati thumba la simenti, n'kulowetsa linalo. Pulagi yake ndinali nditaizula kale n'kuiika m'thumba la ovolosi yanga. Koma chivindikiro nditatsegula ndinapeza tizitsulo tolumikizira tili ndi dzimbiri lobiriwira, ndiye ndinayenera kutitsuka n'kutimanganso kamodzikamodzi. M'galimoto muja munali ngati mu uvuni, thukuta likulowa m'maso, ndiye ndinavula ovolosi ija n'kuikoloweka pa chitseko, ndipo magolovesi nawo ndinawavula chifukwa timanati take n'tating'ono, tinkangoterereka. Ndinkaopanji, pulagi ili kunja? Mlamu wanga anati atsegule kubuti kuti mphepo izilowa, ine ndinamuthokoza, osadzutsa n'komwe mutu.

Ndinali nditagwada, dzanja lamanja lili ndi sipanala, lamanzere nditatsamira mbali ina ya batire. Ndinamva kaphokoso kakang'ono kuti khe, ndipo ndisanaganize n'komwe kuti n'chiyani, chinthu chinandimenya m'manja monse muwiri n'kudutsa pachifuwa ngati andibaya ndi chitsulo chamoto. Anzanga, nyesi ya batire limeneli siikutaya ayi, imakugwira. Zala zinafinya sipanala zokha, nsagwada zinalumana, lilime ndinaliluma, kukuwa ndimafuna koma mawu osatuluka, ndipo ndinayamba kumva fungo la nyama yowauka, osadziwa kuti ndi yanga yomwe. Mutu unapindikira chakumbuyo, ndipo pamenepo ndinamuona. Anali ataima kubuti kuja, manja atapinda pachifuwa, akundiyang'ana mmene munthu amayang'anira nkhuku imene waidula khosi, kudikira kuti isiye kuphupha. Sanakuwe, sanaitane munthu, sanasunthe phazi.

Amene anandipulumutsa ndi amayi ake aja. Ndinangomva nsungwi yatera pamkono mwamphamvu, kawiri kapena katatu sindikudziwa, mpaka sipanala inagwa ine n'kugubudukira kunja pa dothi. Ndikupuma movutika choncho ndinawamva akumukalipira mwana wawo, akuti iwe ukufuna kundiphera munthu pakhomo panga, wachitanji iwe? Ndinawamva ndi makutu angawa. Anthu atayamba kuthamangira, mlamu wanga ndi amene anasanduka wolira kuposa onse, kundikupiza ndi chipewa, kuitana wa njinga yamoto kuti andithamangitsire kuchipatala. Asanandinyamule ndinakwawa n'kusuzumira m'galimoto. Pulagi ija inali m'malo mwake, yokankhidwa mpaka kutsekeka, ndipo thumba la ovolosi yanga linali lotembenuzika.

Kuchipatala ndinakhalako ndithu, mtima ukugunda modumphadumpha, ndipo zala ziwiri za dzanja lamanja zinapsa mpaka mkati. Zinapola, koma zinauma zopindika, khungu lake lonyezimira ngati pulasitiki yosungunuka. Munthu wodya za manja ake, mukuganiza kuti ndinamva bwanji nditayesa kugwira sipanala koyamba n'kuiona ikugwa?

Nkhani itapita pa abale, mlamu wanga anati iye anaona kanthu kagwa pansi, ndiye anakabwezera poganiza kuti akundithandiza, ndipo zoti n'koopsa palibe anamuuza. Ndinatembenukira kwa amayi ake, ndati amayi nenani zimene munaona. Anayang'ana pansi n'kunena kuti maso awo ndi okalamba, iwo anangoona munthu akunjenjemera n'kumumenya ndi nsungwi. Sindiwada amayi aja, moyo wanga ndi iwowo, ndipo mwana ndi mwana. Koma mboni inathera pomwepo. Kupolisi anandifunsa ngati alipo wina anaona, ine mboni ndilibe, ndipo akuluakulu a mbali zonse anati inali ngozi, tikhululukirane, Mulungu wateteza.

Kukhululuka? Ndikuuzeni zoona, masiku amenewo ndinkagona ndikuganiza mmene ndingamubwezere, ndipo njira ndinkazidziwa, chifukwa munthu wodziwa kukonza galimoto amadziwanso kuisiya moti ikayakire patsogolo. Chinandigwira ndi mlongo wanga, amene anati achimwene mukapita kundende ana awa atsala ndi yani, ndiye kuti uja wapambana kawiri. Ndiye ndinasankha njira yosalowetsa munthu m'ndende.

Ndinayenda magalaji onse, kuyambira pa boma mpaka pa Nsipe, kufotokozera amakaniko anzanga zimene zinachitika, ndipo amene amadziwa za mahaibulidi kuno ndi owerengeka, tonse timadziwana. Palibe anavomera kuigwira galimoto ija. Mlamu wanga anakatenga makaniko wina wa kutali, koma munthuyo atafika n'kuona batire lotsegula, sipanala yakuda ndi kupsa ili pomwepo, anaimbira anzake kufunsa, ndipo anabwerera osatsegula n'komwe chikwama cha zida. Galimotoyo ikadali pansi pa mango paja, matayala anaphwa, nkhuku zikuikira m'mipando, ndipo mwini wake amakankha matumba a mpunga pa njinga yakapalasa.

Koma zimenezo sizinandikwanire. Popeza ana amatilumikiza, timakumanabe pa maliro ndi pa maukwati, ndipo paliponse pamene ndamuona ndimadutsa anthu onse n'kukamupatsa moni ndi dzanja lomweli. Sangakane anthu akuona. Ndimamugwira ndi zala zouma zija, n'kumufunsa modekha kuti alamu mwadzuka bwanji, nanga amayi ali bwanji, nanga mpunga chaka chino, osamusiya, mpaka ndimve chikhatho chake chikunyowa. Pa maliro ena anayesa kubisala kuseri kwa adzukulu okumba manda, ndinamupeza komweko. Tsopano ndikumva kuti akamva zoti ndikubwera amadwala mutu, sapita. Abusa anandiyendera kudzandiuza kuti kubwezera n'kwa Mulungu, ndipo ndinawayankha mwaulemu kuti ine sindibwezera, ndimangopereka moni.

Chimene ndimakhulupirira lero n'chakuti munthu womenya mkazi wake sakhala wankhanza kwa mkazi yekhayo ayi, amangoyambira pamene pali pofewa, ndipo mukamuvula ulemu pagulu sadzakukhululukirani ngakhale akugwadireni. Amakaniko anzanga, pulagi ija muziimangirira m'thupi mwanu, magolovesi musavule ngakhale kutenthe bwanji, ndipo mwini galimoto aziima kumene maso anu akumuona. Nanunso alongo a anthu, mlongo wanu akakugwirani malaya n'kunena kuti musapite, khalani pansi. Iyeyo ndi amene amadziwa nkhope imene munthuyo amakhala nayo chitseko chikatsekedwa. Ine ndinaiona kamodzi kokha, ndipo ndikadzafa, amene adzandisambitse akadzafunsa za dzanjali, mudzawauze kuti sinali ngozi.