Chingamu pa mikombero ya Lin

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala kutsidya kwa nyanja, m'tauni ya Beech Grove. Aphunzitsi a sayansi anatigawa awiriawiri kuti tikonzekere chionetsero cha mpikisano pasukulu, ndipo ine anandiphatikiza ndi Lin, mtsikana yemwe anali atangobwera kumene kuchokera ku China.

Lin anabweretsa zithunzi zomwe bambo ake anajambula pa nsanja yakale ya ku Beijing. Pamwamba pake panali zipangizo zamkuwa zazitali kuposa munthu, mikombero yolowanalowana itanyamulidwa ndi zinjoka. Anthu akale ankayezera malo a nyenyezi ndi zimenezo, popanda galasi lililonse loonera kutali. Tinagwirizana zopanga chathu chaching'ono. Kwa milungu itatu tinkapinda mawaya m'galaja mwawo, Lin akulemba timizere toyezera ndi dzanja losanjenjemera.

Tsiku la chionetsero, Lin atapita kukatenga madzi, anyamata awiri a m'kalasi mwathu anafika patebulo pathu. Mmodzi anatulutsa chingamu m'kamwa, chili noninoni ndi malovu, n'kuchimata pa mkombero wapakati. Mnzakeyo anakoka zikope zake ndi zala ponyoza maso a Atchaina, akuyerekeza kalankhulidwe ka Lin. Ine ndinaseka. Ndinkaopa kuti ndikakhala chete anditembenukira, monga ankachitira ndi dzina langa chaka cham'mbuyo.

Sindinadziwe kuti amayi anga anali ataima kumbuyo kwanga, akadali mu yunifomu ya kuchipatala.

"Chisomo, tachotsa chimenecho," anatero.

Ndinayankha m'Chingerezi kuti ndikatenge kaye tishu.

"Ndi zala zako. Wasekerera, ndiye n'chakonso."

Chinali chikadali chofunda, chonanda, chikununkha shuga ndi m'kamwa mwa munthu. Ndikachikoka chinkangotalika, china n'kulowa m'zikhadabo. Pochikanda, timizere tina ta Lin tinafufutika.

Nditadzutsa mutu ndinamuona ataima poteropo, makapu awiri ali m'manja. Nkhope yake inandiuza kuti waona zonse. Anaika kapu yanga patebulo, ndipo oweruza atafika anawafotokozera yekha ntchito yathu, osandiyang'ana ngakhale kamodzi.

Mawa lake ndinapepesa. Anangogwedeza mutu, ndipo sanandiitanenso kwawo.

Kwa zaka zambiri ndinkati amayi anandilanga mopitirira, chifukwa chingamucho sindinamate ndine. Lero ndikuona kuti chonyansa chenicheni sichinali malovu a mnyamata uja. Mnyamatayo sankamudziwa Lin n'komwe. Amene ankamudziwa, n'kuseka, ndinali ine.