Tsiku limene ndinatembenuza wochinja mbuzi wa ku Lungwena

Ine sukulu ndinalekeza sitandade thuu, ndipo sindibisa. Chimene Mulungu anandimana pa cholembera anandibwezera pakhosi. Ndikaima pa gombe ku Lungwena n'kuitana munthu ali m'bwato, ankatembenuka ndi a m'mabwato ena omwe amene sindinawaitane. Ndiye ndikamati m'boma lonse la Mangochi munalibe munthu woyenera kutsanzira mlaliki wamkulu uja wa ku Amereka kuposa ine, sikudzitama ayi. Ndikungonena zimene zinalipo.

Munthuyo ndinamuona kamodzi kokha, pa kanema. Abusa athu anatitengera ku tauni, m'holo imene anaitseka mawindo ndi mabulangete masanasana, tonse thukuta kamukamu. Pa chinsalu panaoneka mzungu wamtali, tsitsi lopesera kumbuyo, Baibulo lotsegula lili lende pa dzanja limodzi, chala cha dzanja linalo chikubaya mphepo. Bwalo la mpira linali lodzaza mpaka m'mwamba. Abusa anati munthuyu walalikira m'maiko ochuluka kuposa midzi imene ine ndinapondamo, amadya ndi mapulezidenti, ndipo mabuku ake amawerengedwa m'zilankhulo zimene sitinazimvepo. Koma chimene chinandigwira mtima ine ndi mathero ake. Anangoti manja pachifuwa, n'kukhala chete, kwaya ikuimba motsitsa, anthu n'kuyamba kutsikira kutsogolo ngati usipa wotsata nyali. Kutsogoloko anthu ovala mataye ankawalemba maina pa timakadi.

Ndinatuluka m'holomo ndikudziwa kuti ntchitoyi ndingaithe. Mwini wakeyo ankafuna zokuzira mawu. Ine ayi.

Abusa anandipatsa buku lake limodzi la m'Chichewa, ndi katoni ya makadi imene anasiya oonetsa kanemawo. Bukulo ndinawerenga tsamba loyamba ndi theka la lachiwiri, zinandikwanira. Anandiuzanso kuti mpingo ukufuna mlaliki wa chigawo cha kunyanja, ndipo amene aonetse zipatso alandira udindowo pamodzi ndi njinga yake.

Zinali zaka zija nkhondo ya ku Mozambique itatikhuthulira anthu. Ambiri amene anafika kwathu anali Ayao, Asilamu, ndipo anangomanga zisakasa kuseri kwa nyumba za abale awo. Mmodzi mwa iwo anali bambo amene tinkaitanana kuti alamu, chifukwa mchemwali wanga anakwatiwa ku mtundu wawo. Anafika ndi mkazi, ana anayi ndi mpeni umodzi. Mpeniwo ndiwo unali munda wawo. Kwathu nyama imene sanachinje Msilamu wodalirika, ndiko kuizinga mwa mwambo wawo, siyenda malonda. Ngakhale ife Akhristu nkhuku zathu tinkapita nazo kwa iwo, kuopa kuti mlendo angakane ndiwo. Alamuwo ankachinja mbuzi za pamsika, eni ake n'kuwapatsa khosi kapena chiwindi, ana n'kudya.

Msonkhano wanga ndinauika pa bwalo la sukulu, pansi pa mitengo ya mango, pomwe ankagawira othawa nkhondo ufa, nyemba ndi mafuta. Malo ena akulu kunalibe. Ndinabwereka tebulo la ahedi, lomwe lija ankakhalapo alembi a ufa, ndipo aphunzitsi awiri a mpingo wathu anakhala pamenepo ndi zolembera. Ine ndinavala taye.

Ndinalalikira mpaka mbalame zinasamuka m'mitengo ija. Chala ndinabaya nacho kum'mawa, kumadzulo, ndi kumwamba komwe. Zoti theka la anthuwo Chichewa linkachimva mwa apo ndi apo sizinandidetse nkhawa, chifukwa mzungu uja nayenso ine sindinamumve liwu ndi limodzi lomwe koma anandifika pamtima. Nditatha ndinati manja pachifuwa, chete. Aphunzitsi anatsegula katoni, makadi poyera.

Abale inu, anthu anadzuka. Osati kuyenda mwaulemu ngati a pa kanema aja. Anathamanga, n'kupanga mizere yowongoka bwino, amayi uku abambo uku, popanda wowauza. Azibambo a mikanjo ndi zisoti anali patsogolo penipeni. Ena anabwerera kumudzi kukanyamula odwala. Mayi wina anafunsa ngati mwana wa m'mimba amalembedwanso, ine ndinamuyankha kuti chipulumutso sichiona msinkhu, amulembe. Alamu anali achitatu pa mzere wa abambo. Ndinagwetsa misozi anthu akuona.

Makadi aja anapita ku Amereka, onse ali ndi keyala ya pasukulu. Abusa anandigwira chanza pamaso pa mpingo, n'kunena kuti njinga ili m'njira.

Patapita miyezi, makalata anabwera thumba lathunthu, aliyense yake yake ndi dzina lake. Anthu anafika pa bwalo paja ndi matumba ndi mabeseni. Ahedi anatsegula imodzi n'kumasulira: inali yomuyamikira munthu polowa m'moyo watsopano wa Chikhristu, ndipo munalinso kabuku kokhala ndi chithunzi cha mlaliki uja. Ambiri anangotukwana pang'ono n'kuseka, ndipo sabata imeneyo zitumbuwa zonse za pamsika zinakulungidwa m'mapepala osalala a ku Amereka. Koma wochinja saloledwa kukhala ndi nkhani yotere. Shehe wa pamzikiti wa m'mudzi mwathu analamula kuti mpeni wa alamu upume kaye mpaka zidziwike kuti mwini wake ali mbali iti. Apo n'kuti Idi ya mbuzi, chikondwerero cha Asilamu, ili pafupi, nyengo imene wochinja amakolola.

Anandipeza ndikusoka ukonde pakhonde. Moni sanapereke.

“Alamu, mwandipha.”

“Ndakupulumutsani, alamu. Zalembedwa mpaka ku Amereka.”

“Ana anga akadya ku Amerekako? Ine ndinaona tebulo la ufa, cholembera ndi khadi. Chiwolokereni malire, paliponse pamene pali zitatuzi timaima pa mzere. Ukati ufunse kaye kuti n'za chiyani, umapeza atatseka buku.”

“Nanga ulaliki wanga simunaumve?”

“Kuumva ndinaumva, ndi a ku Nkhudzi tsidya lija omwe anaumva. Ndimayesa mukukalipira anthu olembetsa kawiri.”

Mawu amenewo anandiwawa kuposa mbola ya kampango. Iwo anapitiriza kuti akadzikanira okha, anthu akuti ndi njala ikuwakanitsa. Wofunika kukanena ndine, mwini msonkhano, ndiponso pagulu.

Ndinawauza kuti ndiganiza. Kunena zoona ndinkaganiza za njinga. Ndinali nditaiona kale kwa abusa, yakuda, ya belu, yokhala ndi kaliyala. Ndinatsegula buku la mlaliki uja kuti mwina lindithandiza, mpaka ndinamaliza tsamba lachiwiri lija, koma za mbuzi munalibe. Tsiku lachitatu ndinadutsa pamsika. Munthu wina, wogwira mpeni ngati akusenda chinangwa, ndiye ankachinja. Alamu anali atakhala pa mwala chapatali, akunola mpeni wopanda ntchito, akazi awo ali pambali ndi beseni lopanda kanthu.

Lachisanu anthu akutuluka mu mzikiti ndinagubuduza mgolo, n'kukwerapo, taye ili m'khosi. Ndinanena kuti anthu onse analembedwa tsiku lija ankafuna ufa, kuti tebulo ndinabwereka ndine, ndipo alamu angawa ndi Msilamu monga anabadwira, ulaliki wanga sunawakhudze ngakhale pa chikhadabo.

Shehe anali nkhalamba yoonda, yolankhula ngati ikusunga mawu a mawa. Anandiyang'ana kuchokera pansi.

“Ndiye mwa anthu onse aja, bambo mlaliki, munatembenuza angati?”

“Palibe, Shehe.”

“Bwerezani, akumbuyo sanamve.”

Ankadziwa bwino lomwe kuti anamva. Chibadwire changa palibe wakumbuyo amene sanandimve. Koma ndinabwereza, ndipo poti ndikachita chinthu ndimachita chenicheni, ndinatulutsa mawu onse amene ndili nawo. Abusa anamvera ali pakhonde pawo, kuseri kwa chigayo.

Njinga inapita kwa munthu wina wa mawu ngati mwana wa mphaka, amene polalikira anthu ankachita kufunsana kuti wati chiyani. Pa Idi alamu anachinja kuyambira m'mawa mpaka mkono unakana, ndipo ananditumizira mwendo wathunthu. Ndinadya. Unali wochinjidwa bwino.

Mtendere utabwera iwo anabwerera kwawo ndi mpeni wawo, koma makalata sanaleke. Chaka ndi chaka ankafika pasukulu, kufunsa alamu mmene akukulira m'chikhulupiriro, ahedi n'kumandipatsa ine poti ndine ndinaziyamba. Tsiku lina wailesi inalengeza kuti mlaliki uja wamwalira ali nkhalamba yotheratu, ndipo inatchula chinamtindi cha anthu amene anabwera kutsogolo chifukwa cha iye padziko lonse. Ndinavula chipewa, chifukwa munthuyo ntchito ankaidziwa. Kenako ndinauza mayi a kunyumba kuti pa chiwerengerocho achotsepo a ku Lungwena, ndi mwana wa m'mimba uja yemwe.