Bokosi la Asibweni

Bokosi lachitsulo lija ndimaliwonabe. Linali lobiriwira, la loko wamkuwa, ndipo linkakhala pa njerwa pakona pa chipinda chimene ndinkagona. Mwini wake anali mlongo wa amayi, amene kwathu timati asibweni. Ankagwira ntchito ku migodi ya ku Joni. Atabwera kudzapuma anabweretsa buku lophunzirira Chingerezi, la zithunzi, chinthu chilichonse dzina lake lili pansi. Kusukulu kwathu buku lotere linali limodzi, la aphunzitsi, ndipo ife tinkangoliwona chikuto. Masana asibweni ankandikhazika pakhonde, chala chawo chopanda chikhadabo chikuyenda pa mawu, ine ndikubwereza. Tinafika pakati pa buku. Tchuthi chinatha. M'mawa wonyamuka, m'piringupiringu wa kutsanzikana, anaponya bukulo m'bokosi pamodzi ndi jekete ndi nsapato, nakhoma, kiyi n'kukwera naye sitima ya panyanja.

Chaka chimenecho ndinali mu Sitandade 3. Mvula ikatha kunali mayeso olowera sukulu ya ku mishoni, ndipo wolephera Chingerezi sankatengedwa. Wotsala ankadziwiratu kwake: kukoka makoka kapena kusenza katundu padoko.

Mvula ya ku Nkhata Bay siidziwa kuleka. Inagwa mpaka zovala zinachita chuku pa chingwe. Usipa unkawolera pa thandala. M'mawa ndinkatsika kudambo kukavuula chinangwa choviika, n'kukwera nacho chitunda pamutu, madzi ake owawasa akutsikira m'khosi. Fungo lake ndinkalowa nalo m'kalasi. Kumeneko aphunzitsi ankawerenga mzere, ife n'kuimba pambuyo pawo, denga likudontha, osamva n'komwe chimene tikuimbacho. Ndikabwerera kunyumba ndinkapeza bokosi lili phee, buku lili m'kati, pafupi kwambiri moti pogona ndinkaligunda ndi phazi.

Tsiku lina ndinalimba mtima. “Ama, tithyole loko. Nditengamo buku lokha.”

Amayi anasiya kusinja. “Ukufuna kuwaika m'manda ali moyo? Bokosi la munthu wapaulendo amatsegula ndi mwini wake. Ena amatsegula pa maliro.”

Abambo anati nkhani ya katundu wa kuchikazi iwo saalowerera, napita kukasoka ukonde. Aphunzitsi nawo anabwera nditawadandaulira. Anali mkulu wa mpingo, munthu wolalikira kuti zamalodza n'zachabe. Analiyang'ana bokosilo, nagwiragwira loko, namwa madzi, n'kunena kuti mwina ndi bwino kudikira. Nawonso anali ndi mbale wawo ku Joni. Tinatuma mawu kudzera mwa munthu wina wopita kumeneko. Yankho silinabwere.

Ndiye ndinafuna Chingerezi kumene chinkapezeka. Sitima ikafika ndinkathamangira kudoko kukawerenga zolembedwa pa mabokosi a matabwa ndi pa matumba. Kuseri kwa sitolo ndinkatola zitini za mkaka ndi mapepala okulungira sopo. Mawuwo ndinkawalemba ndi khala pa khoma la khitchini, ena pamchenga, mvula n'kufufuta. Anzanga akusewera mpira wa masanza m'matope, ine ndinkatsata kalaliki wa padoko kuti andiuze tanthauzo la liwu limodzi. Akakhala kuti wadya bwino ankandiuza. Masiku ambiri ankandithamangitsa. Pofika kumapeto kwa mvula ndinkadziwa kuwerenga kuti katundu uyu asanyowe, uyu asagwetsedwe, uyu akupita kwakuti. Koma kumanga chiganizo changachanga, ayi. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wanga anali m'bokosi.

Mayeso ndinalephera. Palibe anandikalipira. Abambo anandipeza malo kwa kapitawo wa onyamula katundu, ndipo mabokosi amene ndinkawerenga aja ndinayamba kuwasenza.

Panapita zaka, uthenga unafika kuti asibweni anamwalira ndi chifuwa, naikidwa konko. Akuluakulu anasonkhana, loko anathyola ndi nkhwangwa pamaso pa onse. Jekete anatenga uyu, nsapato uyo. Buku anandipatsa ine, ati ndine amene ndinkalilirira. Chinyezi chinali chitamata masamba onse kukhala chinthu chimodzi cholimba ngati thabwa. Ndinayesa kulekanitsa ndi mpeni, linangonyenyeka. Nthawiyo n'kuti mapewa anga atauma kale ndi katundu.

Masiku ano mwambo umenewu unatha. Munthu akachoka, abale amagawana zake asanafike n'komwe kumene akupita. Sindinena kuti n'zabwino. Amayi sindiwaimba mlandu. Analibe njira ina yotetezera mlongo wawo pansi pa nthaka ya eni, koma kulondera loko uja, ndipo anamulondera mokhulupirika. Kungoti pa zinthu ziwiri zimene zinali m'manja mwawo, moyo wa asibweni ndi sukulu yanga, chimene akanatha kupulumutsa chinali chimodzi chokha. Anasankha chinacho.