Chitsulo cha a Howard

Tsiku la msika pa Nkhulambe, a Howard anakodwa tayi m'chitsulo chawo chomwe. Ankaonetsa anthu mmene chimatsekulira chifuwa cha munthu, akupukusa chogwirira ataweramira, osadziwa kuti mano a chitsulocho ayamba kumeza tayi. Pofuna kubweza anapukusa molakwika, chibwano mpaka chinagunda chitsulo, maso ali tong'oo. Anawapulumutsa ndi mayi wina wogulitsa matemba, amene anadula tayiyo ndi mpeni wonunkha nsomba. Anabwerera kunyumba ndi kachidutswa pakhosi, akufotokozerabe aliyense kuti ku Joni zotere sizichitika chifukwa kuntchito savala tayi.

Ku Joniko anagwiradi ntchito pachipatala china chachikulu. Udokotala ayi, ndipo tinene zoona, iwo sanadzitchepo dokotala. Ntchito yawo inali yotsuka zitsulo za opareshoni ya mtima. Mtima, amatero a Howard, uli ndi vavu ngati chubu cha njinga, ndipo ikatha amaisintha. Kuti dokotala aifikire, amadula fupa la pachifuwa n'kulowetsapo chitsulo cha mikono iwiri ndi mtanda wa mano ngati sowo. Ukapukusa, nthiti zimakanuka. Mapepala awo okhalira kumeneko atatha, anabwera ndi chimodzi chimene achipatala anachitaya chifukwa chokutha mano. Anzawo amabwera ndi malata.

Vuto linali loti a Howard anali mkamwini. Nyumba, munda, ngakhale mtengo wa mango umene ankakhala pansi pake, zonse zinali za kwawo kwa mkazi wawo, Eneless. Kuno mkamwini amakhala pamudzi ndi khasu. Koma iwo khasu ankaliopa, ati likhakhalitsa manja, ndipo tsiku lina adzaitanidwanso kuchipatala kuja.

Loweruka lililonse ankayala chitenje choyera pakhonde n'kumasula chitsulocho chidutswa ndi chidutswa. Ankakwecha dzino lililonse ndi mswachi, ati magazi amabisala mmenemo, ngakhale chitsulocho chinali chisanaone magazi chichokereni ku Joni. Akatsukuluza ankachiwiritsa mumphika waukulu wa Eneless, kuchiumitsa, kudontheza mafuta a makina osokera m'mano, kuchilumikiza, n'kupukusa kuti amve ngati chikuyenda bwino. Pomaliza ankachikulunga m'nsalu ziwiri. Nkhuni zake ndi zomwe Eneless ankasenza kuchokera m'mphepete mwa phiri.

“Kodi wodwala wanu akupeza bwanji lero, alamu?” ankafunsa Frank, mchimwene wa Eneless, akudutsa ndi khasu paphewa.

“Musayandikire, alamu, muli ndi fumbi.”

“Fumbi lomweli ndi limene mumadya inu.”

Kutatsala pang'ono kuti mvula igwe, malume ake a Eneless, a Jonathan, anabwera n'kukhala pampando osavula chipewa. “Bambo,” anatero, “mizere m'munda muja ithe mvula isanagwe. Ikapanda kutha, kwanu mukukudziwa.”

A Howard anayesetsa, asaname munthu. Anapita kumunda atavala masokosi m'manja, amayi a pachitsime mpaka anasiya zidebe kukaonerera. Pofika Lachisanu anali atalima mizere yokhota ngati njoka yopondedwa, matuza ali mbwee. Eneless anayamba kufewa mtima. Loweruka m'mawa anatereka kalongonda, nyemba zathu zija zimene ukaziphula msanga zimakuzunguza mutu, kuti mwamuna wake adye akaweruka. Ufa m'nyumbamo unali utatha.

Tsiku lomwelo Frank anapha mbuzi yokagulitsa. Atasowa womugwirira nthiti, anakumbuka kuti m'nyumba mwa alongo ake muli chitsulo chimene ntchito yake ndi yomweyo.

A Howard pobwera kumunda anapeza mbuzi ili lende pamtengo wa mango, chitsulo chili m'chifuwa mwake, ntchentche zili ng'waa, galu akunyambita chogwirira. Frank anali wosangalala kwambiri.

“Alamu, bwanji simunanene? Chimagwiradi ntchito ichi! Onani chiwindi mmene chikuonekera.”

Mayi Jenifer, oyandikana nawo nyumba, amene anaona zonse ali kuseri kwa nkhokwe, akuti a Howard sanakalipe. Anamasula chitsulo m'mbuzimo misozi ikutsika. Anayang'ana uku ndi uku. Mphika waukulu pakhomopo unali umodzi, ndipo unali pamoto. Anauphula, n'kukhuthula kalongonda yense padothi, n'kuthiramo madzi oyera.

Eneless anaima n'kuyang'ana nyembazo zikufuka nthunzi m'fumbi. Kenako anamanga chitenje n'kulunjika kwa malume ake.

A Jonathan mvula sanaidikirenso. Ankhoswe anakumana mawa lake atatuluka m'tchalitchi, ndipo nkhani sinatalike. A Howard anapempha kuti amalize mizere, anaonetsa matuza, anagwada mpaka pansi. A Jonathan anati mizere yoteroyo bola kulibe. Anawalongedzera malaya, nsapato ndi katayi kodulidwa kaja m'jumbo. A Howard atatambasula dzanja kuti atenge chitsulo, Eneless anachiponda ndi phazi.

“Ichi chadya nkhuni zanga. N'changa.”

Apa mpamene a Howard analira mokweza, kuposa pamene amauzidwa za kutha kwa banja. Anthu anaseka, ena mpaka kugwira m'mimba.

Pano a Howard akukhala kwa mlongo wawo cha ku Chiringa. Amene amapita kumeneko akuti manja anapola, ayereratu ngati a namwino, ndipo Loweruka amakhala pakhonde ndi mswachi uja m'thumba la malaya. Kuchokera ku Joni sikunabwere mawu. Chitsulo chili ndi Frank, amachibwereketsa kwa aliyense wopha mbuzi kapena nkhumba, ndipo akamaliza amangochipukuta ndi masamba a nandolo. Chayamba dzimbiri m'mano.

Nditafunsa mayi Jenifer ngati pamudzipo amawasowa a Howard, anayankha akusenda chinangwa, osadzutsa n'komwe mutu:

“Awasowe ndani? Chitsulo chija chatithandiza kale kangapo. Mwini wakeyo anangotithera nkhuni.”