Matabwa pa Miyendo ya Chandamale

Apongozi anga, bambo a mkazi wanga, anabwera kudzakhala nafe ku Laurel, ku America, chaka chimene anamwalira akazi awo. Munali m'zaka za m'ma 1980, ine ndikugwira ntchito ku banki ina ku Foggy Bottom, kuchoka m'mamawa, kubwera madzulo. Mkuluyo ankangokhala m'nyumba ngati katundu. Akalankhula ndi adzukulu m'Chichewa, anawo ankayankha m'Chizungu. Munthu woti anamenya nkhondo ku Burma ali mnyamata, tsopano ntchito yake inali kudikira kuti tiweruke.

Maso awo anali atayamba ng'ala, koma nkhani imeneyo inali yosayamba dala. Mkazi wanga akangotchula za dokotala, iwo ankati maso ali bwinobwino, vuto ndi magetsi a ku America ofooka. Nanga ine mkamwini ndikanalowererapo bwanji? Kwathu mkamwini satsutsa apongozi, olo atanena kuti mbuzi ndi nkhosa umangoti inde bambo.

Nthawi imeneyo ndinali nditalowa kilabu ina yowombera chandamale, kunja kwa tauni. Loweruka lina ndinawatenga apongozi, kungoti akapitidweko mphepo. Koma abale, atangogwira mfuti yakale ya asilikali imene ndinabwereka kwa mnzanga, munthu uja anasintha. Msana unawongoka. Anaitsegula n'kuitseka osayang'ana n'komwe, azungu amene analipo n'kusiya zawo kumaonerera.

Chandamale chathu chinali mbale yachitsulo cholimba, yolendewera pa unyolo patali ndithu, kumbuyo kwake kuli mulu wa dothi. Unyolowo unkakoledwa pa choimikira cha miyendo yachitsulo wamba. Chipolopolo chikamenya mbale, inkalira kuti ngwee, n'kugwedezeka, koma osabooka. Chikamenya mwendo wa choimikira, nawonso unkalira ngwee, koma unkabooka.

Apongozi anawomba, kwinaku n'kumveka ngwee. Ine ndinali ndi magalasi oonera patali, ndipo ndinaona bwinobwino kuti mbale ili phee, osagwedezeka. Anali atamenya mwendo wakumanzere.

“Yalowa, a mkamwini?”

“Yalowa, bambo.”

Azungu aja, atamva kuti mkuluyu anali msilikali, anawaombera m'manja. Tsiku limenelo apongozi anadya mpaka kupempha zina. Lamulungu ku tchalitchi ku Alexandria anafotokozera aliyense, a ku Zambia omwe, kuti dzanja silinaiwale. Mkazi wanga anandithokoza kuti ndawabwezera bambo ake. Ine ndinangomwetulira ngati chitsiru, osamuuza kanthu.

Tinayamba kupita Loweruka lililonse. Zipolopolo zambiri zinkathera m'dothi, zina pa mwendo womwe uja, ndipo kulira kulikonse kunali chikondwerero. Pamtima panga pankandiwawa, koma pakamwa pankangotuluka kuti yalowa.

Tsiku lina woyang'anira bwalolo, mzungu wina wachikulire amene ankawotcherera zitsulo za kilabu, anandiitanira pambali. Anati mlendo wanga akuwononga choimikira. Ine mtima pamwamba, monga mwa khalidwe langa. Ndinamufunsa ngati pabwalo ponsepo waona ife anthu akuda tokha, ngati azungu anzake saphonya. Iye sanakangane nane. Ananditengera kumeneko n'kundionetsa mwendo uja. Unali ngati sefa. Anati watopa kuwotcherera, komanso chitsulo chokumbikakumbika chotero chimabweza tizidutswa ta chipolopolo, tsiku lina wina adzavulala. Ndiye ndisankhe: mlendo wanga asiye kuwomba, kapena miyendoyo itchingidwe ndi matabwa ochindikala, ntchito imene kilabu inkangoizengereza. Mkwiyo wanga unathera pomwepo, panatsala manyazi okhaokha.

Ndinasankha matabwa, osaganiza kawiri. Ndinapempha tchuthi pakati pa sabata, n'kupita ndi matabwa ndi mabawuti. Mwendo uliwonse ndinauveka thabwa kutsogolo, kuti chipolopolo chizithera m'mtengo chisanafike pachitsulo. M'munsi ndinaika matayala akale odzaza mchenga. Mbale ija ndinaipaka penti yoyera yatsopano kuti mwina apongozi aziiona bwino. Pobwerera ndinkaimba likhweru m'galimoto, kudziona wochenjera. Chitsulo chapulumuka, apongozi apitiriza kuwomba, ine sindinanene chilichonse chowawa kwa munthu wamkulu.

Loweruka apongozi anagwira mfuti monga mwa nthawi zonse, n'kuwomba. Kunali zii. Ine wophunzira, wa tayi, sindinaganize kuti thabwa sililira? Mtengo umangomeza chipolopolo, basi.

Anawombanso, zii. Anati mphepo yachuluka lero. Anawombanso, n'kunena kuti zipolopolo zimenezi n'zakale. Kenako ankangowomba, ine ndikuona pa magalasi tizidutswa ta thabwa tikuuluka kumanzere. Sanandifunsenso ngati yalowa. Ndinkapemphera kuti chimodzi chokha chikhudze mbale, chimodzi chokha Ambuye, koma ayi.

Woyang'anira atafuula kuti mfuti zonse ziikidwe pansi anthu akaone zandamale zawo, apongozi anati nawonso apita. Anali asanapiteko chiyambire, chifukwa cha bondo. Ndinayesa kuwaletsa, ndinati n'kutali, udzu wanyowa. Anangoyamba kuyenda, ine pambuyo.

Atafika anagwira mbale ndi manja onse, n'kuisisita. Penti inali yosalala, yopanda ndi kachipsera komwe. Dzanja linatsika, linapeza thabwa lakumanzere, zala n'kumalowa m'mabowo atsopano. Anandifunsa kuti thabwali laikidwa liti, ndipo chifukwa chake n'chiyani. Ndinayamba kuzungulira, za malamulo a kilabu, za chitetezo. Iwo anagwada ndi bondo lopweteka lomwelo, napisa dzanja kuseri kwa thabwa. Anapapasa chitsulo chija, mabowo akale ndi zigamba zowotcherera, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

“Ndiye kulira konse kuja unali mwendo?”

“Inde, bambo.”

“Inu munkaona?”

“Ndinkaona, bambo.”

Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anadzuka okha, kukana dzanja langa, nasasa maondo. Tinayamba kubwerera. Titayandikira pamene panali anthu, mzungu wina amene ankawakonda anawakwezera dzanja n'kuwatchula kuti msilikali, monga ankachitira masiku onse. Apongozi anaima, nandifunsa motsitsa mawu ngati azungu aja nawonso ankadziwa. Ndinafuna kunamanso, lilime linali litazolowera, koma ndinalephera. Ndinati aliyense pamenepo ali ndi magalasi ake.

“Ndiye ankandiombera m'manja ngati mwana wophunzira kuyenda,” anatero.

Anatenga kansalu napukuta mfuti ija bwinobwino, mpaka kumpope, n'kundipatsa ndi manja awiri. Anandipempha kuti ndikawatsegulire galimoto akakhale m'menemo, ine ndimalize masewera anga. Ndinawatsegulira. Anakhala mpando wakumbuyo, osati wakutsogolo pafupi ndi ine.