Mphira Pabondo la Tomasi

Mwaswera bwanji nonse. Ndili kuchipatala ku Furancungo ndi Tomasi wanga, wagwa pampira masana ano.

Mipikisano ya mpira, torneyo ya masukulu ndi ya m'midzi, yagundana, ndiye sabata ino mwanayu wasewera pafupifupi tsiku lililonse, uku timu ya kusekundariya, uku ya kwathu. M'mawa akumayamba wathirira kudimba. Lero m'chigawo chachiwiri wangokhala pansi popanda womugunda, n'kulephera kudzuka. Tabwera naye pa mota, njinga yamoto.

Anamwino atatsitsa sokosi yomwe anaikokera m'mwamba, tapeza bondo lamangidwa ndi mphira ya chubu, ija timamangira matumba panjinga. Anaikulunga mothina mpaka inalowa m'mnofu. Phazi latupa, ndipo ukaligwira ndi lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Tomasi akuti anzake anamuuza kuti ukamanga chonchi ululu sumveka. Bondolo linayamba kupweteka kalekale, ine osandiuza.

Mphirayo anamwino aimasula. Akuti tidikire tione ngati magazi ayambe kuyenda bwino, apo ayi ndi ulendo wa kuchipatala chachikulu ku Tete. Mpaka pano zala zakuphazi sakuzigwedeza.

Ndiye a treinadori, aphunzitsi a timu ya kwathu, abwera pompano, chipewa m'manja, akuti, "Mayi, Lamulungu kuli finali, mwina angadzayeseko pang'ono?"

Achimwene, inu ndinu malume ake, ine sakundimvera. Timuuze chiyani mwana ameneyu? Poti mwini wakeyo, phazi lili chomwecho, akundinong'oneza kuti mphira ija ndisataye.