Masitika a Ndege ya a Matiki

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi agogo, amene anandilera makolo anga atamwalira. Iwo ankayanika matemba pa Kachulu. Tsiku lina anandigwira pamkono n'kupita nane pa shedi ya a Namakhwa, okonza njinga m'mbali mwa msewu wa ku Zomba. "Mwanayu salankhulalankhula, koma amaona," anatero agogo. A Namakhwa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Olankhula ndili nawo kale ambiri. Abwere mawa."

Zinali zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani m'thumba, ndipo njinga yatsopano inali yosowa. Njinga za ogula nsomba zinkachita dzimbiri msanga chifukwa cha madzi odontha m'madengu, choncho ntchito yathu yaikulu inali kupentanso. Tinkapala fulemu ndi sanipepa, kupaka penti wakuda kawiri, kenako n'kumata masitika a golide kuti njinga ioneke ngati yangotuluka m'sitolo.

Masitika ake sanali ngati a masiku ano ongomatula n'kumata. Anali a m'madzi. Unkadula chithunzi ndi sizasi, kuchiviika m'madzi mpaka kakhungu kake kopyapyala katayamba kuterera papepala, kenako n'kukatsetserekera pachitsulo. Kuti kagwire bwino pa paipi yozungulira, a Namakhwa ankadonthezapo kachasu, n'kutsindika ndi chala chachikulu chokulunga m'kansanza. Pa njinga njira imeneyi inkayenda, chifukwa masitika ake anali okhuthala.

Ine ndinkangoyang'ana. Ndinaona kuti tikaviika m'madzi a pachitsime, amene kwathu kunyanja amakhala amchere, m'mphepete mwa sitika munkatuwa pakapita masiku. Tikatunga a mvula mu dilamu, sizinkatero. Sindinauze munthu. Ndinkangotunga a mu dilamu.

M'mawa wina nthawi ya dzinja kunabwera a Matiki, bambo amene anagwirako ntchito kumigodi ku Joni, atanyamula katoni yokulunga m'chitenje. Atamasula tinaona ndege ya pulasitiki yoyera, yaitali ngati mkono wanga, ya mapulopela anayi. Anati anaigula ili zidutswazidutswa, n'kumailumikiza ndi guluu masiku a Lamlungu pa komponi. Koma atayesa kumata sitika imodzi inang'ambika, ndiye anaitsekera m'sutikesi zaka zonsezi.

"Popita ku Joni ndinakwera yotereyi ine, alamu," anauza a Namakhwa. "Koma apongozi anga mpaka lero amati ndinapita pa lole. Loweruka akubwera. Ndikufuna aipeze ili pa kabati, yovala bwinobwino."

"Ndiye akaiona akhulupirira?"

"Akakana, ndiwauza akwere yomweyi."

Tinaseka, koma kenako a Matiki anatulutsa pepala la masitika, lachikasu ndi ukalamba, nasiya kuseka. "Pepala ndi lomweli. Ngakhale ku Limbe simungalipeze. Mukaononga, basi." A Namakhwa anayang'ana zala zawo zikuluzikulu, nayang'ana zanga. "Iwe Feliki, zala za singano ndi zako. Mawa umata ndiwe, ine ndiziona."

Masana amenewo ndinalipenyetsetsa pepala lija. Chachikulu chinali mzere wautali wa buluu woyenera kudutsa pa mawindo, kuchokera kumphuno mpaka kumchira. Unalipo umodzi wa mbali iliyonse, wopanda wapadera. Thupi la ndege linali ndi timizere ndi timitu ta misomali totukuka, ndipo ndinkadzifunsa kuti kakhungu kakale chonchi kagona bwanji pamenepo. Mwamwayi m'munsi mwa pepala munali timbendera tinayi ta kampani ina ya ndege, tosafunika pa ndege iyi. Ndinapempha a Matiki, anandilola kutidula.

Ndinayesera pa chivundikiro cha pulasitiki chokhala ndi zilembo zotukuka. Kambendera koyamba ndinakamata ndi madzi a mvula okha: kanagwira, koma kanaima pamwamba pa zilembo ngati denga, pansi pali mpweya. Kachiwiri ndinadonthezera kachasu monga ankachitira a Namakhwa, ndipo nditangokakhudza kanasungunuka n'kukakamira kuchala. Kachitatu ndinayesa viniga amene akazi a a Namakhwa ankathira mu achali wa mango. Kanafewa pang'ono, osakwanira. Pa komaliza ndinasakaniza m'sosala supuni ziwiri za madzi a mvula, imodzi ya viniga ndi madontho atatu a kachasu, n'kupaka ndi nthenga ya nkhuku. Kanakwinyika konse ngati khungu la nsomba yootcha. Ndinadziwa kuti ndalephera. Pomwepo kunafika munthu ndi tayala lophwa, ndinasiya n'kukamata chigamba. Pobwerako ndinapeza kambendera kaja katadziwongola kokha, katalowa m'ngodya iliyonse ya zilembo ngati kachita kupentedwa.

Ndinakatembenuza uku ndi uku nthawi yaitali, ndikudabwa. Koma monga mwa chizolowezi changa, sindinauze munthu.

M'mawa mwake a Matiki anakhala pa benchi, chipewa chili pabondo. Ogula nsomba awiri anaimitsa njinga zawo kuti aonere. Ndinapukuta ndege ndi kansalu konyowa, ndinaviika mzere woyamba m'madzi ofunda pang'ono, ndinautsetserekera pa mawindo ndi nthenga mpaka unakhala pamalo pake. Kenako ndinapaka mankhwala anga aja.

Pasanapite nthawi mzere wonse unayamba kukwinyika.

"Ee! Ee! Mwana uyu wandiphera ndege!" A Matiki anadzambatuka, chipewa chinagwa.

"Yachita ngozi isanauluke," anatero mmodzi wa ogula nsomba.

A Namakhwa anali atakulunga kale kansanza kuchala chachikulu. "Choka apo, ndiwongole isanaume." Ndinadziwa chimene chala chimenecho chikanachita, chifukwa ndinali nditachiona dzulo lake pa changa. Ndisanaganize n'komwe, ndinawagwira dzanja ndi manja anga onse awiri. Chibadwire ndinali ndisanagwirepo munthu wamkulu chotero.

"Ukundigwira ine?"

"Pepani bambo. Musakhudze. Ikadali yofewa ngati phala."

"Ukudziwa chiyani iwe, wabwera dzana?"

Ndinawasiya, ndinathamangira kuseri kwa dilamu n'kubwera ndi chivundikiro chija. Ndinafotokoza kambendera kalikonse, aka ndi madzi okha, aka kachasu, aka viniga, ndipo aka kanakwinyika chimodzimodzi dzulo. A Namakhwa anachiyandikitsa kumaso, anapalasa kachinayi kaja ndi chikhadabo, osamatuka. Anaika manja kumbuyo.

"Tidikira," anatero. "Ikakanika, ukafotokoza wekha kwa agogo ako."

Tinadikira pafupifupi ola lathunthu. A Matiki anazungulira shedi kambirimbiri, akung'ung'udza m'chilankhulo cha kumigodi. Ine maso anali pa mzere. Makwinya anayamba kutha kumchira, pang'onopang'ono, kenako pakati, mpaka timitu ta misomali tinaoneka kamodzikamodzi pansi pa buluu. A Matiki anawerama, anawerenga mawindo ndi chala chili m'mwamba, osakhudza. "Ine ndinakhala apa," anatero motsitsa mawu. "Windo lachisanu kuchokera kumbuyo."

Mzere wa mbali inayo utakwinyika, a Matiki eni ake ndi amene ankathamangitsa anthu: "Musakhudze! Ikugwira ntchito!"

A Matiki atachoka, a Namakhwa anandiitana. Sananditukwane, komanso sanandiyamike. "Unadziwa kuyambira dzulo?" Ndinavomera. "Ndiye bwanji sunanene? Ndikanang'amba chinthu cha mwini chifukwa cha pakamwa pako potseka." Tsiku lomwelo ndinawauzanso za madzi a pachitsime, ndipo anapukusa mutu poganizira njinga zonse zimene zinatuwa ndisanabwere.

Ndakhala pa ntchito ya penti ndi zikwangwani zaka zambiri kuchokera pamenepo. Mankhwala alionse atsopano ndimayamba ndawayesa pa chidutswa chotsala, ndipo chinthu chikakwinyika ndimaika manja kumbuyo. Koma ndisanayambe, ndimauza mwini wake kuti, "Chikwinyika, musaope." Kuona ndinkaona kale. Chimene ndinaphunzira pa ndege ya a Matiki ndi kunena zimene ndaonazo, dzanja la munthu lisanatambasuke.